Abwana andidula "recommend" ndi bolopeni yofiira: ndalakwa pati?

"Aphunzitsi, ine ndine mlembi pa kabungwe kena ka alimi kuno ku Mzuzu. Kwathu ndi ku Dedza koma ndimakhala ku Chibavi. Sabata yatha ndinalemba lipoti la komiti, ndipo kumapeto ndinaika ziganizo ziwiri izi: 'We recommend to buy a new scale' ndi 'I recommend you to visit the farmers before the rains.' Abwana anadula zonse ziwiri ndi bolopeni yofiira n'kundibwezera osanena kanthu. Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, koma panopa ndikuchita kunjenjemera ndikakhala pa kompyuta. Kodi recommend amatanthauza chiyani kwenikweni, nanga akusiyana pati ndi advise ndi suggest? Chinanso, mnyamata amene ankatithandiza kunyamula matumba wandipempha kalata ya recommendation. Ndiyambire pati?"
Wowerenga wa ku Chibavi

Achemwali, mtima m'malo. Ndagwira choko zaka 27 ndikuphunzitsa Chingerezi ku sekondale, zambiri mwa zakazo kuno kumpoto, ndipo cholakwa chanuchi n'chosakata ngati mvula ya mawawa ya ku Mzuzu. Ndachipeza m'makope a ana a Fomu 2, ndachipezanso m'makalata a anthu a madigiri awiri. Komanso pa ziganizo zanu ziwirizo, cholakwika popanda mkangano ndi choyamba chokha. Chachiwiricho eniake a chiyankhulo amatsutsana nacho okhaokha. Abwana anu sanalakwe kuchidula, kungoti akanachita bwino kukukhazikani pansi n'kukuuzani chifukwa chake.

Vutoli limayambira apa: mutu umayamba waganiza m'Chichewa, dzanja n'kumalemba m'Chingerezi pambuyo. Tikamati "ndikukulangizani kuti mupite", munthu wolangizidwayo ali m'mimba mwa mneni momwemo. Ka "ku" ndi ka "ni" kaja ndi inuyo. Anansi athu olankhula Chitumbuka nawonso aneni awo amanyamula munthu chimodzimodzi, n'chifukwa chake cholakwachi sichisankha kuti uyu ndi wa ku Dedza, uyu ndi wa ku Rumphi. Ndiye tikafika pa Chingerezi timasaka mneni wogwira munthu amene tikumuuzayo, n'kutola recommend, n'kumumata "you". Pamene recommend sagwira womvera. Amagwira chinthu chimene mukupereka kwa womverayo.

Mbiri ya mawuwa ikuthandizani kuona zimenezi. Anachokera ku Chilatini, kwa mneni commendare, amene ankatanthauza kusiya munthu kapena chinthu m'manja mwa wina kuti achisamale. Muzu wake ndi mandare, amene akatswiri a mawu amamulumikiza ndi manus, kutanthauza dzanja. M'Chingerezi analowa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300.

Tsiku lina mudzapite pa depoti m'mamawa, chisanu chisanachoke. Mudzapeza mayi atagwira mwana pa mkono, chikwama chili pamutu, akuuza kondakitala wa minibasi ya ku Karonga kuti, "Achimwene, mwanayu ndamusiya m'manja mwanu. Mukamutsitse pa Chitimba, azakhali ake akhala akudikira pamsewu." Mayiyo akuchita zenizeni zimene recommend ankatanthauza pachiyambi. Pali anthu atatu: wopereka, woperekedwa ndi wolandira. Amene amakhala pafupi penipeni ndi recommend m'chiganizo, pamtherankhani wake, ndi woperekedwa, mwana uja. Wolandira, kondakitala, amabwera atatsogozedwa ndi "to". Wina akakuuzani kuti "I recommend this tailor to you", telala ndiye mwana, inu ndinu kondakitala. Koma akakuuzani kuti "I recommend you to the manager", zatembenuka: inu ndiye mukuperekedwa m'manja mwa manijala. Tsono taganizani abwana anu akuwerenga "I recommend you to..." Khutu lawo likudikira dzina la munthu amene mukuwapereka kwa iye, n'kungokumana ndi "visit". Pamenepo ndi pomwe bolopeni imatsika.

Lero recommend ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuikira umboni kuti chinthu kapena munthu ndi wabwino. Mlendo watsika basi ya ku Lilongwe, akufuna kulawa kondowole ndi batala wa ku Nkhata Bay, ndiye akufunsa kuti "Can you recommend a restaurant?" Ife tikanati "tandilozereni podyera pabwino". Pa munthu timati "recommend her for the post" kapena "recommend him as a driver". Ntchito yachiwiri ndi kunena chimene mukuona kuti n'choyenera kuchita, ndiyo ya mu lipoti lanu. Chichewa chilibe liwu limodzi lonyamula zonsezi. Pena timati kulozera, pena kulangiza, pena kuikira kumbuyo, pena kuchitira umboni. Achinyamata anatopa nazo n'kungoti "anandirekomenda", ndipo ine sindiwadzudzula, chifukwa mwamwayi amagwiritsa ntchito molondola: amene ali mkati mwa mneniyo ndi woperekedwa.

Tiyeni tikonze sikelo yanu ija. Njira zosapunthwitsa zilipo zitatu. Mukhoza kutsatiza dzina la chinthu: "We recommend a new scale." Mukhoza kutsatiza mneni wothera ndi -ing: "We recommend buying a new scale." Kapena mukhoza kutsegula ndi that n'kutchula wochita: "We recommend that the group buy a new scale." Chimene Chingerezi chimakana ndi kugundanitsa recommend ndi "to buy". Aneni ena monga want, decide ndi plan amalola "to", pamene recommend, suggest, avoid ndi enjoy amafuna -ing. Musavutike kufufuza nzeru yozama pamenepa, ndi chizolowezi cha chiyankhulo basi, monga momwe ife timanenera "galu wanga" koma "ng'ombe yanga" popanda wina kufunsa kuti zinakhala bwanji choncho.

Pa njira yachitatuyo ndiima pang'ono, chifukwa ndi pamene ana anga ankandiyang'ana ngati ndalakwitsa pa bolodi. Ndalemba "that the group buy", osati "buys". Mwana wina wa Fomu 4, wakuthwa mutu kwabasi, anakweza mkono tsiku lina n'kunena kuti, "Sala, mwaiwala s." Ndinamuuza kuti andimasulire chiganizocho m'Chichewa. Anati, "Tikulangiza kuti gulu ligule sikelo." Ndinamufunsa kuti nanga bwanji wati "ligule" osati "limagula"? Anakhala chete, kenako n'kuyamba kuseka yekha. Palibe munthu wolankhula Chichewa amene anganene kuti "ndikulangiza kuti amapita kuchipatala". Tonse timati "apite". Timasintha a wa kumapeto kukhala e posonyeza kuti chinthucho sichinachitike, tikungofuna kuti chichitike. Chingerezi chimachita zomwezo, kungoti icho chimavula mneni kumusiya wopanda s, wopanda -ed. N'chifukwa chake amati "that he go", ndiponso "that she be paid". Ngakhale nkhaniyo ikhale ya chaka chatha, mneni wachiwiriyo sasuntha: "We recommended that she be paid", monga momwe ife timanenera "tinalangiza kuti alipidwe". Lamuloli muli nalo kale m'kamwa, achemwali, kuyambira muli kumbuyo kwa amayi anu ku Dedza.

Kalembedwe kovula mneni kameneka n'kofala kwambiri ku America. Ku Britain ambiri amaikapo should: "We recommend that the group should buy a new scale." Polankhula, ena a ku Britain amangoti "buys" ndipo dziko silitha. Popeza Chingerezi cha m'masukulu ndi m'maofesi athu chimatsamira cha ku Britain, ine ndimauza anthu kuti aziika should. Sichidabwitsa aliyense, ndipo simungakumane ndi bwana wobwezeretsa s pamene safunika. Pokana mumati "that you should not sign" kapena "that you not sign". Mukhozanso kungoti "I do not recommend signing."

Tsopano chiganizo chanu chachiwiri chija. Dikishonale ya Oxford ya ophunzira Chingerezi imasonyeza kalembedwe ka "recommend somebody to do something" ngati kololeka, ndipo m'makalata a ku Britain mudzakapeza. Koma olemba ambiri a ku America amakaona ngati kolakwika, aphunzitsi ambiri amakadula, ndipo mwaona kale momwe kamasokonezera wowerenga. Maganizo anga ndi akuti mukasiye. Palibe chimene mungataye. Lembani "I recommend that you visit the farmers" kapena musinthe mneni: "I advise you to visit the farmers." N'chimodzimodzi ndi "recommend me a book", amene amamveka polankhula. Polemba ikani "recommend a book to me".

Ndikuganizanso kuti abwana anadula chiganizocho pa chifukwa china chosakhudza galamala. Lipotilo ndi la komiti, osati lanu. Mlembi akalemba "I" n'kuloza abwana ndi "you", zimamveka ngati mwana akutuma bambo ake kumunda. Mawu oyenera ndi akuti "The committee recommends that the manager should visit the farmers before the rains." Uthenga ndi womwewo, koma mwini mawu ndi komiti, ndipo inu mwachoka pamzere.

Advise ndiye m'bale weniweni wa "kulangiza" wathu, chifukwa iye amagwira womvera: "I advise you to see a doctor." Ndi wolemera, amayenera pakamwa pa dokotala, loya, mlangizi wa zaulimi, ndipo nthawi zambiri amanunkhira chenjezo. Suggest ndi wopepuka, kungoponya ganizo pabwalo kuti ena alione. Recommend ali pakati, ndipo chomusiyanitsa n'chakuti wolankhulayo waikapo dzina lake, akuti "ndikuchidziwa, ndachiyesa". Tinene kuti mnzanu ali m'tauni, akufuna kupita ku Luwinga, mvula ikuwaza. Mukati "bwanji mungokwera takisi?", mwachita suggest. Mukati "kwerani sakaramento, wa kabaza wa jekete lofiira uyo, ine ndimakwera yemweyo ndipo sathamanga", mwachita recommend. Mukati "musakwere njinga mvula ili chonchi, msewu ukuterera", mwachita advise. Suggest amayenda njira zomwe zija za recommend, dzina, -ing kapena that, ndipo "I suggest you to go" ndi wolakwika ku Britain ndi ku America komwe, pamenepa palibe dikishonale yokuikirani kumbuyo.

Ndingokumbutsa kuti mneni ndi advise wa s, dzina ndi advice wa c, ndipo "advices" musalembe. Timalakwitsa chifukwa "malangizo" athu ndi ochulukitsa. Achingerezi amati "some advice" kapena "a piece of advice". Recommendation yekha ndiye amawerengeka: imodzi, ziwiri, "three recommendations".

Pali msampha wina umene sunali m'kalata yanu koma ndimaumva pafupifupi pa msonkhano uliwonse. Chaka china pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, tsiku lopereka mphatso kwa ana, wapampando wa komiti ya makolo anaimirira atavala suti yake yakuda, pepala likunjenjemera m'manja, n'kunena mokweza kuti, "We recommend the headmaster for the good results." Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira. Mlendo wolemekezeka, amene anakhala pafupi ndi ine, ananong'ona kuti, "Akufuna timukweze pa udindo wanji?" Bamboyo ankafuna kunena commend, kuyamikira. Mawu awiriwa ndi a mimba imodzi, koma commend amayang'ana kumbuyo pa zimene munthu wachita kale, pamene recommend amayang'ana kutsogolo pa zimene munthuyo akuyenera kupatsidwa. "We commend the headmaster for the good results" ndi kuthokoza. "We recommend the headmaster for promotion" ndi kupempha kuti akwezedwe. Mlembi akasokoneza ziwirizi mu maminitsi, tsiku lina munthu adzabwera ndi pepalalo kudzafunsa za kukwezedwa kwake.

Izi zikundifikitsa pa kulemera kwa mawuwa, nkhani imene kwa inu monga mlembi ndi yaikulu kuposa galamala. Recommendation si lamulo. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919, limatulutsa zikalata za mitundu iwiri. Zotchedwa Conventions zimamanga dziko likazivomereza, pamene zotchedwa Recommendations zimangopereka chitsogozo. Bungwe la zaumoyo la WHO likamanena kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyambirira limagwiritsa ntchito recommend, chifukwa likupereka malangizo ochokera pa kafukufuku, silikuopseza mayi aliyense ndi khoti. Pa kabungwe kanu zilinso choncho. Komiti ikakhala kuti ilibe mphamvu yotulutsa ndalama, imachita recommend, ndipo bodi ndiyo imagamula. Koma ngati anthu anagwirizana ndithu kuti sikelo igulidwe, lembani "The committee resolved to buy" kapena "agreed to buy". Ndinaonapo msungichuma ndi wapampando osalankhulana mwezi wathunthu chifukwa wina anatulutsa ndalama poganiza kuti zagamulidwa, pamene maminitsi ankati recommended. Choncho musanalembe, dzifunseni kuti kodi anthuwa anagamula kapena anangopempha? Ngati simunamve bwino, funsani wapampando msonkhano usanabalalike.

Ndipo recommendation ya mu lipoti izitchula wochita ndi nthawi. "It is recommended that a scale be bought" ndi Chingerezi cholondola, koma sikeloyo sidzagulidwa, chifukwa aliyense aziyesa kuti akunena mnzake. Lembani kuti msungichuma agule sikelo pofika pa 30 April. Mukafuna kutsindika, "strongly recommend" amayenera pa chochita, "highly recommend" pa munthu kapena chinthu chimene mukuchitama. Musawathire paliponse ngati mchere, amatha mphamvu.

Malo amodzi okha ndi amene sindifuna kuti mupeputse mawuwa. Pa botolo la mankhwala, a anthu kapena opopera mbewu, pakalembedwa "recommended dose" kapena "recommended rate", tengani ngati malire. Pamenepo "angolangiza" sagwira ntchito. Ngati Chingerezi cha pa pepalapo chikukuvutani, musachite kuyerekeza, funsani adokotala, wa ku famase kapena alangizi a zaulimi.

Za kalata ya mnyamata uja, bwererani pa depoti paja. Inu tsopano ndinu mayi, mnyamatayo ndiye mwana, ndipo wolemba ntchito amene simunamuonepo ndiye kondakitala. Mukumusiya munthu m'manja mwa wina, dzina lanu lili pansi pa kalatayo. Choyamba fufuzani ngati ndinu woyenera kuilemba. M'mabungwe ambiri kalata ya pa pepala la bungwe, ya chidindo, amasaina ndi manijala kapena wapampando. Inu mukhoza kuilemba n'kuipereka kuti asaine, kapena kulemba m'dzina lanu pa pepala wamba, n'kunena poyera kuti ndinu mlembi amene munkagwira naye ntchito. Kutenga chidindo mwakabisira pofuna kuthandiza munthu kwachotsetsa anthu ntchito.

Kalatayo isatalike, tsamba limodzi lakwana. Nenani kuti ndinu ndani, mwamudziwa nthawi yaitali bwanji, ankagwira ntchito yanji. Kenako perekani zimene munaona ndi maso. Makalata ambiri amene ndawerenga amangoti munthuyo ndi "hardworking, honest and God-fearing", mawu omwewo kwa mlonda, kwa namwino, kwa dalaivala, mpaka owerenga anasiya kuwakhulupirira. Chiganizo chimodzi chonena kuti mnyamatayo ankafika isanakwane 7 koloko ngakhale m'chisanu cha June, ndipo pa nyengo ziwiri zokolola thumba ngakhale limodzi silinasowe m'manja mwake, chimaposa mawu okometsera khumi. Koma chikhale choona. Potseka ndi pamene mneni wathu amakhala pamalo pake enieni: "I recommend him for the post of storekeeper", kapena ngati simukudziwa ntchito imene akufunsira, "I recommend him to any employer." Onani kuti for akutsogolera ntchito, to akutsogolera wolandira.

Ngati mumamukayikira, musaname. Mukhoza kulemba kalata yongotsimikiza kuti anagwira ntchito kuyambira mwezi wakuti kufika mwezi wakuti, popanda liwu la recommend, ndipo olemba ntchito odziwa zinthu amamva pamene mwakhala chete. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kukana munthu n'kovuta, makamaka akabwera ndi amalume ake kapena akakhala wa mpingo umodzi. Ine ndinalemberapo mwana wa mnansi kalata yokoma chifukwa cha manyazi, ndisakumudziwa bwino. Patapita miyezi itatu foni inalira, wolemba ntchito akufunsa kuti, "Aphunzitsi, munthu munatipatsa uja ali kuti? Wasowa ndi ndalama za malonda." Ndinachita kusowa poyang'ana. Kuyambira pamenepo, amene sindinagwire naye ntchito kapena kumuphunzitsa ndimamutumiza kwa amene akumudziwa.

Za kalembedwe ka liwulo, c ndi mmodzi, m ndi awiri. Ligaweni pawiri, re ndi commend, simudzalakwitsanso. Potchula, mphamvu ili kumapeto, pa "mend", ndipo yesetsani kusaika i wathu uja wa "rekomendi" mukakhala pa intavyu.

Kompyuta imadula mzere wofiira pa "reccomend" koma nthawi zambiri siidziwa ngati mumafuna commend kapena resolve, ndiye musaidalire kotheratu. Dikishonale ya ophunzira, ya pepala kapena ya pa intaneti, ndi yothandiza chifukwa imaonetsa mawu amene amatsatira mneni aliyense, ndipo muziwerenga zitsanzo zake osati tanthauzo lokha. Ku laibulale ya National Library Service m'tauni muno mukhoza kukafunsa. Chikalata chikakhala cha mgwirizano, cha ngongole kapena cha malo, pamene kusiyana kwa "recommended", "required" ndi "shall" kungakudyereni ndalama, chionetseni kwa wodziwa malamulo musanasaine. Ndipo amene akukonzekera mayeso a MANEB atsatire njira ya that ndi should, palibe wochonga angawachotsere malikisi pamenepo.

Lolemba mutenge lipoti lija, mulembenso kuti "The committee recommends buying a new scale" ndi "The committee recommends that the manager should visit the farmers before the rains", mukalipereke pamodzi ndi lodulidwa lija. Mukawafunse abwana mwaulemu ngati ndi zimene ankafuna, ndipo pomwepo muwatchulire za kalata ya mnyamata wa matumba, kuti mudziwe ngati asaine ndi iwo kapena inu.